Mwana Amene Amosi Sanapite Naye

Amosi Namakhwa anabadwa mu 1957 m'malaini a pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, m'nyumba ya chipinda chimodzi yoyang'anana ndi fakitale. Mayi ake, a Victoria, anawoloka Ruo ali kamtsikana, kuthawa chibalo cha Apwitikizi. Mudzi wakwawo sankautchula. Ukawafunsa ankangoloza ndi mlomo cha kum'mawa n'kupitiriza zimene akuchita.

Sukulu analekezera sitandade 5. Anayamba ndi kupalira, kenako kudula tiyi, ndipo atakwanitsa zaka makumi atatu anamuika ku nazale, kumene anakhala mpaka kupuma. Ntchito yake inali kusankha tsinde labwino la tiyi, limene pa esiteti amalitcha mayi, kudulako timitengo ta tsamba limodzilimodzi, kutizika m'machubu a dothi n'kufunditsa pulasitiki. Munda wonse umatha kuchokera kwa mayi mmodzi. Mayiyo akakhala ndi chilema, munda wonse uli nacho. Izi Amosi ankazidziwa kuposa alembi onse a mu ofesi.

Sanali munthu wa nkhani. Fodya ankasuta, mowa ankamwa pa Khirisimasi, kutchalitchi ankaoneka pa maliro. Anakwatira ku Khonjeni mkazi wa Sabata dzina lake Nancy, n'kumanga nyumba pa malo a apongozi ngati mkamwini aliyense. Mkati mwa sabata ankagona ku esiteti, Loweruka masana n'kupalasa njinga kupita kwa mkazi. Pa ana anayi anakula mmodzi, Violet. Nancy atamwalira mu 2010, akuchikazi anamusudzula Amosi mwaulemu. Anamangirira bulangete ndi wailesi pa njinga n'kubwerera ku Kapichi, pa malo amene mayi ake anapeza. Violet anatsala, ndipo palibe anadabwa. Mwana ndi wa kwa amake, womulankhulira ndi malume ake. Malume a Violet anali a Gideoni, mkulu wa mpingo, amene zaka zonsezo mlamu wawoyo ankamutchula kuti “a Tiyi”, chifukwa iwo tiyi sankamwa ndipo womudzala sankamuwerengera.

Ku Kapichi Amosi anali mwinimbumba. Alongo ake awiri ndi ana awo onse ankayang'ana iye. Mbumba imeneyo ndi imene inkatha.

Anayamba ndi mayi ake, mu 1988. Ankati akadya pang'ono n'kukankha mbale, “Ndakhuta.” Manja anawonda, mimba inakula. Amayi a m'malaini ankaseka kuti a Victoria atenga pakati ndi imvi. Miyezi isanu ndi umodzi, anapita. Anthu anati manda amene anawasiya kutsidya kwa Ruo awaitana.

Mu 2004 anatsatira Rhoda, mlongo wake wamkulu. Mawu omwewo, mimba yomweyo. Ena anati ndi mankhwala opopera tiyi. Ena anati ndi matenda a masiku ano, koma atamuyeza sanamupeze nawo. Ena anatchula dzina la mayi wina woyandikana naye, ndipo mabanja awiriwo salonjerana mpaka lero.

Teleza, wamng'ono, anali wamkamwa ndiponso wachangu pa ntchito yothyola tiyi. Nthawi ya dzinja dengu lake linkadzaza anzake asanafike pakati pa mzere. Mu 2019, ali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu, anakankha mbale. Amosi sanadikire. Anapita naye ku chipatala cha mishoni, kumeneko anawatumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Anamuchita opaleshoni, n'kupeza kuti zafalikira.

Dokotala anawauza awiriwo kuti ndi khansa ya thumba la mazira, koma ya mtundu umene saupeza kawirikawiri. Poyang'ana pa makina awo sankatha kusiyanitsa ngati inayambira pomwepo kapena inachokera m'matumbo, pomwe mankhwala a ziwirizo ndi osiyana. Panali kafukufuku wina amene ankatumiza tizidutswa ta zotupa zotere kunja kwa dziko, kumene amatha kuona poyambira pake. Anapempha chilolezo.

“Tengani,” anatero Teleza. “Mukafuna tengani chonse, ndilibe nacho ntchito. Achimwene, musayang'ane pansi ngati akupemphani ng'ombe. Sainani apo pa mboni.”

Amosi anasaina. Anapempha kuti aone chimene chikupitacho, ndipo anamuonetsa. Kanali kanyama kofiirira, kotsekeredwa m'phula longa la kandulo, kosaposa bokosi la machesi, kolembedwa nambala pambali.

Teleza anamwalira yankho lisanabwere. Amayi osambitsa thupi ataona chipsera anatuma mawu kwa mwinimbumba: zimene anachotsazo zili kuti? Amosi anati anakwirira konko ku chipatala. Linali bodza. Anaika mlongo wake m'manda akudziwa kuti sanamuike yense.

Kuyambira pamenepo chiperoni anadana nacho. Chifunga chikatsika pa mapiri, amayi othyola tiyi atafunda mapulasitiki, nkhope zosaoneka, iye akudutsa mumsewu wa m'munda ankapeza kuti akuwawerenga. Nthawi zonse pamakhala mmodzi kumapeto kwa mzere amene waima osathyola. Ankati akayandikira, n'kupeza ndi mayi wamba akumanga mpango. Tsiku lina chinali chitsa cha bulugamu. Sanauze munthu. Ankangodziwa kuti Teleza ali ku Kapichi, komanso ali m'kabati ina, m'dziko lozizira, pakati pa alendo, dzina lake litasanduka nambala.

Yankho linabwera mu 2021. Namwino wa kafukufukuyo, Sisita Cathy, anamuitanira ku chipatala cha mishoni n'kumufotokozera pang'onopang'ono.

“M'thupi la munthu aliyense muli malangizo amene anabadwa nawo. Madokotala amati DNA. Chotupa nachonso chimasunga zizindikiro za malo amene chinayambira, ngakhale chitadzaza mimba yonse. Awerenga. Cha a Teleza sichinachokere m'matumbo. Chinayambira kunsonga kwa kanjira kamene dzira limadutsa popita m'chiberekero.”

“Zithandiza ndani? Munthu tinaika.”

“Apezanso china, bambo. Pa malangizowo pali malo amodzi olakwika. Si m'chotupa mokha, ndi m'magazi mwawo momwe. Anabadwa nacho. Mosakayika anatengera kwa mayi anu.”

“Si mankhwala opopera?”

“Ayi.”

“Si manda?”

“Za manda makinawo sayeza.”

Anamuuza kuti mwana aliyense wa munthu wotero ali pakatikati: akhoza kutengera, akhoza osatengera. Woyezetsa n'kupezeka nacho akhoza kuchotsa tinjirato ndi matumba a mazira akamaliza kubereka, matenda asanayambe. Anamupempha kuti abwere ndi abale.

Ntchito imeneyi Amosi anaigwira bwino, ndipo zinenedwe. Ana aakazi a Rhoda ndi Teleza analipo anayi. Mmodzi anali ku banja ku Goliati, mwamuna wake akukana. Amosi anapitako katatu, ulendo wachitatu anakhala pa khonde osalandira madzi mpaka mwamunayo atalola. Lolemba lina anafika nawo onse anayi, iye patsogolo, chipewa m'manja.

“Mbumba ndi imeneyi,” anatero. “Yatha.”

Sisita Cathy atatenga magazi a anayiwo anatembenukira kwa iye. “Nanga inu? Pindani malaya.”

“Ine ndili ndi mazira?”

Atsikanawo anaseka mpaka wina kugwira khoma. Namwinoyo sanaseke.

“Mwamuna amachinyamula n'kupatsira mwana wake wamkazi. Muli ndi ana?”

“Mmodzi. Ali kwawo, ku Khonjeni.”

“Mubwere naye.”

“Ameneyo ali ndi eni ake. Magazi ake ndi a kwa amake.”

“Theka ndi lanu, bambo. Mwambo ndi mwambo, sindikuutsutsa. Koma thupi la mwana limatenga kwa mayi, limatenganso kwa bambo. Mubwere naye.”

“Chabwino,” anatero Amosi, akugwedeza mutu monga ankachitira kwa manijala akamalamula chinthu chimene iye ankadziwa kuti sachita. Malaya sanapinde.

Anamva. Pasakhale wonena kuti mawu anamudutsa kapena namwino anafulumira. Anamva, koma sanakhulupirire. Zaka makumi atatu ku nazale sanaonepo chilema chochokera kwa bambo, poti timitengo todula tilibe bambo. Pa milandu yonse imene anakhalapo, pa maukwati ndi pa maliro, mtundu unkawerengedwa kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Akufa atatuwo nawonso anali mayi ndi ana ake aakazi. Zonse zinkagwirizana. Panalinso china chimene sankachitchula ngakhale mumtima. Kuti Violet ayezedwe, Amosi anayenera kukagwada kwa a Gideoni n'kunena kuti mtundu wanga ndi wodwala ndipo ndaulowetsa m'mudzi mwanu. Sisita Cathy anaimba foni kawiri. Kachiwiri Amosi anapatsa foniyo mdzukulu kuti anene kuti agogo apita kudimba.

Pa anayi aja anapezeka nacho mmodzi, Mwai, mwana wa Rhoda, wa zaka makumi anayi ndi chimodzi, wa ana anayi. Anamuchita opaleshoni. Mvula isanagwe anali atayamba kale kugalauza. Anthu anamuyamikira Amosi, ndipo iye anavomera kuti wagwira ntchito. Komabe mayi woima kumapeto kwa mzere uja sanachoke.

Mu Ogasiti 2023 anamanga chiliza cha Teleza. Violet anabwera kudzalemekeza azakhali ake, atanyamula nkhuku ndi kathumba ka nandolo. Anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi, wa ana atatu, wogulitsa nthochi pa msika wa Khonjeni. Ntchito ya kumanda itatha anthu anakhala pansi pa mango kudya mpunga. Amosi anali ku mbali ya amuna. Pakati pa phokoso lonselo anamva mbale ikukhulika pa mphasa, ndi mawu a mwana wake.

“Ndakhuta, amayi. Mupatse ana.”

Anayang'ana. Mpunga unali wosakhudzidwa kwenikweni. Chitenje anali atamangira pamwamba, pansi pa mabere, monga amamangira mayi woyembekezera.

Anamuitanira kuseri kwa nkhokwe.

“Uli ndi pakati?”

“Ababa! Funso lanji limenelo? Ndinatseka kalekale.”

“Wayamba liti kusadya?”

“Cha mu Juni. Ndi mpweya chabe. Ndikumwa soda.”

Amosi anatembenuka n'kuyamba kukonza udzu wa nkhokwe. Violet anadikira, kenako anaseka n'kubwerera kwa anzake, chifukwa bambo ake anawazolowera choncho. Madzulo anakwera kabaza n'kupita.

M'mawa mwake, Lachisanu, Amosi anali pa khomo la Sisita Cathy asanatsegule. Namwinoyo anamvetsera. Sanamukumbutse chilichonse. Anangoti, “Lolemba m'mawa. Musadikire za magazi, tiyamba ndi kumuunika m'mimba.”

Anafika ku Khonjeni Loweruka, anthu ali ku Sabata. Anakhala pa mwala pafupi ndi nyumba imene anamanga yekha, imene tsopano munkasungidwa mbuzi. Anthu atatuluka, a Gideoni anatulukira ndi jekete lakuda, Baibulo kukhwapa.

“A Tiyi! Mwasochera? Kapena mwabwera kudzabatizidwa?”

“Alamu, ndabwera ndi nkhani.”

“Lero ndi Sabata. Nkhani mawa.”

“Siidikira mawa.”

Anayala mphasa. Violet anakhala chapatali ndi amayi ena awiri. Amosi anafotokoza mwachidule: mayi ake, Rhoda, Teleza, kachidutswa kamene kanapita kunja, Mwai. Anamaliza ndi kunena kuti Violet akufunika ku chipatala Lolemba.

A Gideoni anavula magalasi. “Pepani ndi maliro a kwanuwo. Koma ndi a kwanu. Kuno mimba situpa. Mayi athu anafa ndi zaka makumi asanu ndi atatu akudya chinangwa ndi mano awo. Mwanayu ndi wa Nancy.”

“Ndi wanganso.”

“Kuyambira liti? Pa chinkhoswe chake munakhala kumbuyo ngati mlendo. Mwana wake woyamba atadwala tinathamanga ndife. Lero mukufuna akamutumbule chifukwa choti azungu awerenga kanyama?”

“Akuti theka la thupi lake ndi langa.”

“Theka liti, lakumanja? Tengani lanulo muzipita nalo, lathu litsale.”

Mmodzi wa amayi aja anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Amosi anayang'ana pansi. Kenako anachita chimene sanachitepo pa zaka zonse za ukamwini wake. Anasiya a Gideoni n'kulankhula ndi mwana wake pamaso pa eni ake.

“Violet. Ukadya pang'ono umakhuta. Ukagona chagada umamva kulemera. Masiketi akukana m'chiuno koma mikono ikuchepa. Pokodza ukupita pafupipafupi. Ndanama?”

Violet anaika dzanja pamimba.

“Wakuuzani ndani?”

“Ndaziona katatu.”

“Mwanawe,” anatero a Gideoni, “tiyamba tapemphera, kenako tikhale pansi monga banja.”

“Pempherani, malume, ndithu,” anatero Violet. “Koma mimbayi ndikugona nayo ndine. Ndipita.”

Lolemba anamuunika n'kupeza chotupa ndi madzi m'mimba. Tsiku lomwelo Amosi anapinda malaya osauzidwa, ndipo Sisita Cathy anatenga magazi a onse awiri. Patatha milungu itatu Violet anachitidwa opaleshoni ku Blantyre. Anachotsa chiberekero, tinjira, matumba onse awiri ndi mafuta a m'mimba amene anali atagwidwa kale. Kenako anayamba mankhwala a m'diripi, maulendo asanu ndi limodzi. Tsitsi linathothoka, nsidze zomwe. Ankasanza mpaka kugwira nthiti. Womudikirira m'chipinda anali mkazi wa a Gideoni, poti mwamuna saloledwa ku mbali ya amayi. Amosi ankakhala panja pa benchi.

Tsiku lina Amosi anaona dokotala pa khonde n'kumuimitsa.

“Akanabwera zaka ziwiri zapitazo?”

“Sindinganene motsimikiza.”

“Nenani mosatsimikiza.”

“Mwina tikanachotsa chisanayambe. Mwina tikanachipeza chili chaching'ono.”

Amosi anathokoza n'kubwerera pa benchi.

Kalata ya magazi inafika mu Disembala. Onse awiri anali nacho, malo omwewo olakwika amene anapezeka mwa Teleza. A Gideoni anaiwerenga kawiri, chala chikutsata mzere. Anaipinda bwinobwino n'kuipereka kwa Amosi osati kwa Violet. Sananene za tiyi tsiku limenelo.

Mankhwala anatha mu Febuluwale. Atamuunika, madokotala anati pakadali pano sakuona kanthu, koma matendawa amabwerera kwa ambiri, choncho azipita miyezi itatu iliyonse. Amosi anapita ku Khonjeni kukamuona. Anamupeza pa khonde akusola nandolo wouma, kumutu kutayamba kumera tsitsi lofewa ngati la khanda. Anakhala pa mpando. Anthu ena anali kumunda.

“Ababa, Mwai anabwera dzana,” anatero Violet, osadzutsa mutu. “Tinacheza.”

“Eya.”

“Akuti tsiku limene munapita nawo anayi aja, anesi anafunsa za ine.”

“Anafunsa.”

“Akuti anakuuzani kuti mubwere nane.”

“Anandiuza.”

“Mwina simunamve bwino? Chipatala mumakhala phokoso.”

Anali akumutsegulira khomo lothawira, ndipo Amosi analiona.

“Ndinamva. Anaimbanso kawiri.”

Violet anapitiriza kusola. Nandolo ankagwera m'lichero mmodzimmodzi. Nkhuku inayandikira, anaiingitsa ndi phazi.

“Chifukwa?”

“Ndinkati si iwe wanga kuti ndingakupatse kanthu. Chabwino kapena choipa.” Anatembenuza chipewa m'manja. “Ndinkaopanso amalume ako.”

“Amalume.” Violet anatulutsa mpweya m'mphuno, ngati kuseka koma kosafika. “Munthu wamfupi ngati ameneuja.”

Sanamutukwane. Sananene kuti wakhululuka, ndipo mpaka lero sananene. Anapeta nandolo, mankhusu n'kuuluka kugwera pa nsapato za bambo ake. Atamaliza anaika lichero pansi.

“Ndili ndi atsikana awiri ndi mnyamata,” anatero. “Wamkulu wakwanitsa zaka makumi awiri. Anesi akuti nthawi yake ikubwera. Mnyamatayonso ayezedwe, adzabereka. Ine mwina ndidzakhalapo, mwina ayi. Amalume adzayamba ndi kukhala pansi monga banja, mwamuna wanga amaopa jakisoni kuposa njoka. Mudzapita nawo ndinu, onse atatu.”

“Ana amenewo ali ndi...”

“Ababa.”

Amosi anatseka pakamwa.

“Ndidzapita nawo,” anatero.

Panopa Amosi ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zitatu. Fodya anasiya, osati chifukwa cha a Gideoni, koma chifukwa wamng'ono mwa atatuwo ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo Amosi anawerengera zaka zimene ayenera kukhalabe ndi moyo. Violet wapita kokaunikidwa kasanu, kasanu konse abwerako bwino. Ulendo wachisanu ndi chimodzi ndi mwezi wamawa.